Mbewa m'chikwama cha ku Japan

Muphwa wanga atasankhidwa kukaphunzira za ulimi wa mpunga ku Japan kwa miyezi itatu, nkhani imene inavuta pakhomo pathu ku Petauke inali ya m'mimba. Za ndege, za chinenero, za kuzizira, zonsezo anthu anazidumpha. Ambuye ake anamuitanira pakhonde n'kumufunsa: "Iwe, kumeneko ukadya chiyani? Si kuja amadya nsomba zosaphika?" Mlamu wanga anawonjezapo za agalu ndi njoka. Wina anati mbale imodzi kumeneko ndi mtengo wa thumba la feteleza. Pofika madzulo chikwama chinali tho: ufa woyera, kapenta, mfutso wa nkhwani, nshawa zokazinga, ndi kamtolo ka mbewa zouma kokulunga m'nyuzipepala. Mbewazo tinazitulutsa, chifukwa Japan salola nyama kulowa m'chikwama cha mlendo popanda zikalata za boma, ndipo pabwalo la ndege pamakhala agalu onunkhiza katundu.

Ndinangokhala chete, koma mumtima ndinkaseka, pakuti ife a kum'mawa ndife tinayenera kukhala oyamba kukayikira nkhani zoterezi. Pa chimbuya, Abemba amati munthu wa ku Petauke m'mawa mbewa, masana mbewa, madzulo mbewa. Ife timabweza kuti iwo anamaliza anyani m'nkhalango. Tonse timaseka podziwa kuti mbewa ndi ndiwo ya nyengo yake, tikamaliza kukolola, ndipo alipo Ansenga ambiri amene saziika n'komwe pakamwa. Tsono chimene Abemba amatichita mwanthabwala, ife timawachita Ajapani ndi mtima wonse. Tinamva za ndiwo imodzi, basi tikuyesa ndiwo mphika wa anthu oposa 120 miliyoni.

"Amadya nsomba zosaphika"

Amadyadi, ndipo amazikonda. Nsomba yaiwisi yodulidwa timagawo topyapyala amaitcha sashimi. Koma mawu amene ambiri tinawamva pa wailesi ya kanema ndi sushi, ndipo chisokonezo chimayambira apa. Sushi ndi mpunga wothira viniga, mchere ndi shuga pang'ono. Chimene amaika pamwamba kapena mkati chikhoza kukhala nsomba yaiwisi, komanso chikhoza kukhala dzira lokazinga, mkunga wowotcha pa makala, kapena nkhaka wamba.

Chiyambi chake mayi aliyense amene anafutsapo ndiwo angachimvetse. Kale kusanabwere mafiriji, anthu ankathira nsomba mchere n'kuikwirira mu mpunga wophika kwa miyezi. Mpungawo ukasasa unkateteza nsomba kuti isawole, ndipo pofika pakudya ankautaya. Mpaka lero m'mbali mwa nyanja ya Biwa, m'chigawo cha Shiga, amapanga zimenezi n'kumazitcha funazushi. Fungo lake Ajapani ambiri eni ake salipirira. Sushi wa timibulu amene timamuona pa zithunzi anatchuka m'zaka za m'ma 1820 mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, ndipo dzina lotchulidwa kawirikawiri pa chiyambi chake ndi la Hanaya Yohei. Chinali chakudya cha anthu a ntchito, chogulitsidwa m'timisasa ta m'mbali mwa msewu, chodya utaimirira monga timachitira pa chiwaya. Popeza madzi oundana kunalibe, nsomba zambiri ankayamba aziviika mu viniga kapena mu msuzi wa soya, zina ankaziwiritsa ndithu.

Nsomba yofiirira ija yotchedwa salmon, imene lero ili pa chithunzi chilichonse cha sushi, Ajapani sankaidya yaiwisi chifukwa ya m'nyanja zawo inkakhala ndi nyongolotsi. Anali anthu a ku Norway amene, kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980, anawanyengerera kwa zaka zambiri kuti ayeseko salmon yawo yoweta. Mantha a ambuye athu aja Ajapani nawonso ali nawo. Yodya yaiwisi kawirikawiri imakhala ya m'nyanja ya mchere, yatsopano kwambiri kapena youmitsidwa m'firiji, ndipo woidula anaphunzira ntchitoyo kwa zaka. Wina asabwere ndi buka kapena nsomba ya mu Luangwa n'kuidula yaiwisi ati akupanga sashimi. Nsomba za m'mitsinje ndi m'madamu zimasunga tizirombo tokakhala m'matumbo ndi m'chiwindi cha munthu, ndipo mankhwala ake ndi moto.

Nanga pa tsiku wamba amadya chiyani? M'mawa, pakhomo potsata zakale, pamakhala mbale ya mpunga, msuzi wa miso wopangidwa ndi soya, nsomba yowotcha yothira mchere ndi masamba osunga mu mchere. Mawu oti gohan amatanthauza mpunga wophika, amatanthauzanso chakudya chonse. Ife amene timati "sindinadye" titamaliza mbale ya tchipisi ndi nkhuku, chifukwa choti nsima sitinaigwire, sitifunika kutanthauziridwa zimenezi. Ndipo msuzi wawo umayambira pa nsomba zouma. Ali ndi tinsomba tating'ono towiritsa n'kuyanika totchedwa niboshi, timene mutatiika pa thebulo limodzi ndi kapenta wa ku Siavonga mungasokonezeke. Alinso ndi katsuobushi, nsomba yofukizidwa ndi utsi mobwerezabwereza mpaka kulimba ngati chikuni, imene amaipala ndi mpeni wapadera. Azimayi ogulitsa nsomba zowamba pa mlatho wa Luangwa angagwedeze mutu kuvomereza. Kukoma kwa msuzi umenewu ndiko Kikunae Ikeda anakufufuza mu 1908, pogwiritsa ndere za m'nyanja zotchedwa kombu, n'kukupatsa dzina loti umami.

"Ndi Matchaina omwewo, amadya chilichonse"

Kwathu kuno munthu aliyense wa kum'mawa kwa Asia timamutcha Mtchaina, kaya wabwera kudzamanga msewu kaya ndi mphunzitsi wa masamu wochokera ku Japan. Zimandidabwitsa, chifukwa Japan tinamudziwa kale. Pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene tinalandira ufulu, masewera a Olympic ankatsekedwa ku Tokyo. Othamanga athu analowa masewerawo monga a Northern Rhodesia, anatuluka atanyamula mbendera ya Zambia. Achinyamata odzipereka a ku Japan akhala akubwera kuno kuyambira 1970, ku Malawi kuyambira 1971. Minibasi imene mumakwera kuchoka pa Boma kupita ku Nyimba ndi Toyota. Injini yawo timaidziwa ndi khutu, koma mphika wawo sitinausuzumirepo.

Galu sali pa mbale ya Mjapani. Mu 675 mfumu yawo Tenmu, potsata chiphunzitso cha Chibuda, inaletsa kudya ng'ombe, akavalo, agalu, nkhuku ndi anyani m'miyezi ya ulimi. (Za anyanizo ndidzawauza Abemba tikadzakumana pa maliro.) Malamulo otere anabwerezedwa kangapo, moti kwa zaka pafupifupi 1,200 nyama ya ziweto inali chinthu chodya mobisa kapena monga mankhwala. Zinasintha mu 1872 mfumu Meiji itadya ng'ombe ndipo nkhaniyo inalengezedwa kwa anthu onse.

Sindibisa kuti zilipo zodabwitsa. Ku Kumamoto amadya nyama ya kavalo yaiwisi. Anangumi amadyedwabe ndi ena. Ku Shimonoseki kunatchuka ndi fugu, nsomba ya poizoni wakupha, imene amaloledwa kuikonza ndi ophika okhala ndi chilolezo okha. Koma zimenezi ndi mbewa zawo: za dera lake, za nyengo yake, ndipo mlendo akhoza kukhala chaka chonse osakumana nazo.

Chimene chili choona pa chikhulupiriro chimenechi n'chakuti Ajapani anabwereka zambiri ku China. Ramen, ma noodles a tirigu a mu msuzi, anabwera ndi ophika a Chitchaina. Sitolo ya Rairaiken imene inamutchukitsa ku Tokyo inatsegulidwa mu 1910 ku Asakusa. Si ku China kokha: curry, amene ana a ku Japan amamukonda kwambiri, anachokera ku India kudzera mwa Angelezi, ndipo asilikali a pamadzi a ku Japan amadya mpunga wa curry Lachisanu lililonse. Komabe kaphikidwe kamasiyana. Mjapani sakonda mafuta ambiri kapena tsabola wolusa. Amene anazolowera kambuzi adzaona ngati chakudyacho n'chozizira.

"Sitingachithe, n'chachilendo kwambiri"

Apa ndi pamene ndimafuna kukhalitsa, chifukwa ndi bodza limene limandisangalatsa kulitsutsa.

Azungu ambiri akafika ku Japan amagonja pa natto. Ndi soya wowiritsa, wovundikidwa mpaka kuchita ulusi wonanda. Kale ankamukulunga m'mapesi a mpunga kuti tizilombo ta m'mapesimo tigwire ntchito. Mzinda wa Mito ku Ibaraki ndiwo kwawo kwa natto. Azungu chimawavuta ndi kutererako. Koma munthu amene anakulira pa therere lobala, la denje kapena la masamba a maungu, wodziwa kulidula ndi chala kuti lisathawe pa nthongo, kuterera n'chiyani kwa iye? Ajapani ali ndi mawu akeake a zakudya zoterera, neba-neba, ndipo therere lobala lenilenilo amalidya kwambiri n'kumalitcha okura. Fungo la natto lokha ndilo lingakuyeseni. Ngakhale anthu a ku Osaka kuyambira kale ambiri ankamukana.

Chinanso ndi konnyaku. Amakumba chikhawo cha chomera china chimene chachiwisi chimayabwa koopsa pakhosi, amachisinja, n'kuchiphika ndi madzi a phulusa kapena laimu mpaka chitalimba n'kumadulika ndi mpeni. Mbali yaikulu ya chomerachi imalimidwa m'chigawo cha Gunma. Werenganinso bwino: tizikhawo tokumba, kusinja, chidulo kapena soda, kulimba, kudula ndi mpeni. Ndi chikanda chimenecho, kungoti chathu tinachikometsa ndi nsinjiro ndi tsabola, pamene chawo chilibe kukoma kwakekwake, chimadalira msuzi umene chaphikidwamo. Anthu awiri otalikirana chonchi, aliyense payekha anatulukira kuti phulusa limaphika.

Ku mapiri a Nagano, kutali ndi nyanja monga ife, anthu ankapeza ndiwo mmene timapezera. Ziwala za m'minda ya mpunga amaziphika mu msuzi wa soya ndi shuga, n'kuzitcha inago. Ana a mavu amawatcha hachinoko ndipo amagulitsidwa m'mabotolo pa mtengo wokwera. Wa ku Tokyo amachita tsinya akaziona, monga mmene mwana wobadwira ku Kabulonga amachitira ndi vinkubala.

Nanga kandolo? M'nyengo yozizira timagalimoto timayenda m'misewu ya m'mizinda tikulengeza kandolo wowotcha pa miyala yamoto, yaki-imo. Amamutcha satsuma-imo chifukwa anafalikira kuchokera ku Satsuma, kumene lero ndi Kagoshima, ndipo pa njala yaikulu ya 1732 madera amene ankamulima anapulumuka kuposa anzawo. Aliyense amene anadutsa mwezi wa Febuluwale nkhokwe ili pululu akudziwa kufunika kwa mbewu yotere.

Pali chingwe china chotimanga pamodzi chimene sitichiganizira. Apwitikizi anafika ku Japan mu 1543 pa chisumbu cha Tanegashima, kenako n'kukhazikika pa malonda ku Nagasaki. Ndi mtundu womwewo umene m'zaka za m'ma 1700 unakhazikika ku Zumbo ndi ku Feira, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, kumwera kwa Nyimba. Kwa ife anasiya mawu monga mbatata ndi nsapato. Kwa Ajapani anasiya pan, kutanthauza buledi, keke ya kasutera ya ku Nagasaki, dzina la dzungu loti kabocha, ndi kakazingidwe koviika ndiwo mu phala la ufa wa tirigu n'kuponya m'mafuta otentha, kamene lero dziko lonse limakadziwa kuti tempura. Mayi wokazinga vitumbuwa pa siteshoni ya Petauke atapatsidwa dzungu ndi kandolo wodula mopyapyala, tempura angamuphunzire masana amodzi.

"Chakudya cha ku Japan ndi chimodzi"

Kwerani basi pa Intercity ku Lusaka m'mawa kulowera kum'mawa. Pa mlatho wa Luangwa mugula nsomba zowamba ndi madengu, ndipo nyengo yake ikakhala, masau. Mukakwera mapiri kudutsa Kacholola n'kufika pa Nyimba, mawindo onse amadzaza nthochi. Ku Petauke ndi nshawa. Nshawa za Chalimbana za kum'mawa zinatchuka mpaka kunja. Mukafuna mpunga wonunkhira mufunsa wa ku Chama. Palibe amene amagula nthochi pa mlatho kapena nsomba pa Nyimba ngati akuudziwa msewu. Ndipo mukafika kwanu chimanjamanja mutadutsa pa Nyimba, ana amakuyang'anani ngati mwawalakwira.

Japan yense amayenda motero, kungoti iwo anazikonza bwino. Dzikolo lili ndi zigawo 47, ndipo chilichonse chili ndi chake chotchuka nacho, chimene amachitcha meibutsu. Wapaulendo amayembekezeka kubwera ndi kamphatso ka chakudya cha kumene anapita, omiyage, kodzagawira a pakhomo ndi a kuntchito. Kumpoto ku Hokkaido kuli nkhanu zazikulu, mkaka, ndi ramen wa miso wa ku Sapporo. Ku Akita amasinja mpunga wophika, kuumata pa kamtengo n'kuuwotcha pamoto, dzina lake kiritanpo. Ku Morioka kuli wanko soba: woperekera amaima pambali panu n'kumakuthirirani ma noodles pang'onopang'ono mu kambale, mukangomaliza wathiranso, ndipo saleka kufikira mutavindikira kambaleko. Zimandikumbutsa azakhali anga, amene ukati wakhuta amakuwonjezera mtanda. Niigata ndi kwawo kwa mpunga wa Koshihikari. Osaka ndi takoyaki, timibulu ta ufa wa tirigu tokhala ndi kachidutswa ka nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 ija. Osaka yemweyo amakangana ndi Hiroshima pa okonomiyaki, chikondamoyo cha kabichi chokazinga pa chitsulo: a ku Osaka amasakaniza zonse, a ku Hiroshima amasanjikiza n'kuikamo ma noodles, ndipo aliyense amati mnzake sadziwa kuphika. Kagawa, chigawo chaching'ono kuposa zonse, chimadzitcha dziko la ma noodles a udon. Fukuoka ali ndi ramen wa msuzi woyera wa mafupa a nkhumba ndi timisasa ta usiku totchedwa yatai. Kumwera kwenikweni ku Okinawa amakazinga chipwete chowawa chotchedwa goya pamodzi ndi dzira ndi nkhumba.

Pa masiteshoni a sitima amagulitsa ekiben, kabokosi ka chakudya cha dera limenelo. M'misewu ikuluikulu boma linayambitsa mu 1993 malo opumira otchedwa michi-no-eki, amene tsopano apitirira 1,000: pali zimbudzi zaukhondo zotsegula usana ndi usiku, poimika galimoto paulere, ndi sitolo imene alimi a m'deralo amagulitsiramo zawo, kawirikawiri dzina la mlimi litalembedwa pa phukusi. Ku Oita, bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu anayambitsa mu 1979 ndondomeko yoti mudzi uliwonse ukhale ndi chinthu chimodzi chodziwika nacho, ndipo Malawi anaitengera mu 2003. Nthawi zonse ndikaona atsikana a pa Nyimba akuthamangira basi yoyenda, mbale ya nthochi pamutu, dzuwa likuswa mtengo, ndimaganiza kuti meibutsu tili nayo kale. Chimene tikusowa ndi denga, chimbudzi ndi sikelo.

"Malo abwino odyera ndi odula"

Alipo odula mochititsa mantha. Sukiyabashi Jiro ku Ginza, kumene Barack Obama anadya ndi Shinzo Abe mu Epulo 2014, ali ndi mipando 10 yokha m'chipinda cha pansi pa nyumba, ndipo chakudya cha munthu mmodzi chimapitirira 30,000 yen. Mu 2019 buku la Michelin linawachotsa m'ndandanda, osati chifukwa cha kaphikidwe, koma chifukwa munthu wamba sangathenso kupezako malo. Amene akukulangizani kuti mukadye kumeneko sanapiteko.

Ajapani eni ake amadya kwina. Yoshinoya anayamba mu 1899 pa msika wa nsomba wa Nihonbashi kudyetsa onyamula katundu mpunga wa nyama ya ng'ombe ndi anyezi, ndipo lero mbale yake ili cha m'ma 500 yen. Ramen wabwino amapezeka pa 1,000 yen kapena kuchepera. Sushi woyenda pa lamba, amene Yoshiaki Shiraishi anamuyambitsa ku Osaka mu 1958, amagulitsidwa m'malo monga Sushiro ndi Kura Sushi pa mtengo woyambira pang'ono pamwamba pa 100 yen kambale kamodzi. Masana malo ambiri amakhala ndi teishoku, mbale yathunthu ya mpunga, msuzi, ndiwo ndi masamba pa mtengo wotsika.  Wofuna kungoona ndi kulawa ayende mu msika wa Nishiki ku Kyoto, kapena m'timisewu ta Tsukiji ku Tokyo, timene tikadali ndi moyo ngakhale msika waukulu wa nsomba unasamukira ku Toyosu mu 2018.

Kasankhidwe kake n'kamene timachita pa Nyimba basi ikaima: mumaona kumene madalaivala akudya. Malo abwino ku Japan nthawi zambiri amakhala aang'ono, ophika chinthu chimodzi chokha, kansalu kakulendewera pakhomo, panja pali mzere wa anthu a m'deralo. Sitolo yogulitsa sushi, ramen ndi tempura pamodzi, chikwangwani chili m'Chingelezi chokha, imeneyo ndi ya alendo. Pa intaneti eni ake amadalira Tabelog, ndipo ndi owuma popereka mamalikisi: malo opeza 3.5 mwa 5 ndi abwino kale kwambiri. Chinenero chisakuopseni. Pawindo pamakhala zifanizo za chakudya zapulasitiki zoti mungoloza, kwina mumagula tikiti pa makina. Ndalama ya "zikomo" kwa woperekera sasiya. Mukaisiya pa thebulo akhoza kukuthamangirani nayo kunja. Kufwenkhula ma noodles mwaphokoso si mwano. Sushi mukhoza kudya ndi manja, ndipo amakupatsani kansalu konyowa kopukutira, m'malo mwa beseni lathu lija. Chimodzi chokha musachite: kuzika timitengo todyera chilili mu mpunga, chifukwa amatero poperekera akufa.

Za ng'ombe za ku Kobe zimene amati zimamwa mowa ndi kusisitidwa tsiku lililonse, imeneyo ndi nkhani yokometsera alendo. Chimene chimapanga nyamayo ndi mtundu wa ng'ombe za Tajima za m'chigawo cha Hyogo, kadyetsedwe ka nthawi yaitali ndi malamulo okhwima a kayezedwe ka mafuta.

"Kuno kwathu kulibe"

Wofuna sushi ali ku Petauke, ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 400 kupita ku Lusaka, kumene malo ena odyera m'mahotela ndi m'mamolo amamupanga. Adziwe kuti zambiri zimene akapeze, zija za kotapeya ndi mayonezi mpunga uli kunja, zinabadwira ku North America. Adziwenso kuti dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, choncho nsomba iliyonse yaiwisi yayenda ulendo wautali. Kufunsa tsiku limene yafika si mwano, ndipo zophika monga nkhuku ya teriyaki kapena tempura zilibe nkhawa imeneyo. Kobiriwira kolasa m'mphuno kamene akamupatse kuti ndi wasabi kawirikawiri ndi muzu wina wothira utoto. Ngakhale ku Japan komweko wasabi weniweni, womera m'timitsinje tozizira ta ku Shizuoka ndi Nagano, ndi wodula.

Koma timapaketi ta ma noodles timene ana a sukulu amagula m'mashopu a pa Boma ndi zidzukulu za chimene Momofuku Ando anatulukira ku Ikeda, pafupi ndi Osaka, mu 1958. Ndipo soya amene timalima kuno, amene mtengo wake ukagwa timalira naye chaka chonse, ndiye msana wa khitchini ya Mjapani: miso, tofu, natto ndi msuzi wa soya zonse zimachokera mwa iye. Japan amagula kunja soya woposa magawo 9 mwa 10 a amene amagwiritsa ntchito. Chitowe pafupifupi chonse amaitanitsanso, chambiri kuchokera ku Africa, m'maiko monga Nigeria, Tanzania ndi Mozambique. Ife soya timamudziwa ngati chakudya cha nkhuku, phala la ana ndi tinyama ta m'mapaketi, basi.

Muphwa wanga anabwerako atanenepa. Ufa anaphikako nsima kanayi kokha, wotsala anawasiyira anzake a ku Malawi. Nditamufunsa za natto anati, "Amalume, tsiku loyamba ndinatseka mphuno, sabata yachitatu ndinkapempha wachiwiri." Sashimi anayesako kawiri, akuti sikununkha nsomba n'komwe. Pa Nyimba anatsika kugula mkoko wa nthochi monga mwa lamulo. Ambuye ake anawabweretsera omiyage, paketi ya niboshi yolembedwa zilembo za Chijapani. Iwo anaitsegula, kununkhiza, kutafuna kamodzi, n'kuitana mdzukulu wina kuti abweretse tomato ndi anyezi. Titadya anasamba m'manja n'kumuyang'ana mwini mphatso.

"Iwe, usandinamize. Uyu wagula pa msika wa Soweto."